Kambalame ka pamphumi pa basi

Mainess anali atangotsika minibasi kuchokera ku Silverest, kumene amachapira anthu zovala, pamene anamva mabuleki akulira kumsewu waukulu. Sanafunse munthu. Anataya chikwama pakhomo n'kuthamanga, mtima utadziwa kale kuti ndi Inutu.

Anampeza mwanayo, wa zaka zinayi, ataima pa tala penipeni, manja ali m'mwamba. Basi yaikulu ya ku Chipata inali itaima mopingasa, fungo la matayala opsa lili thoo. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Amai imwe! Mubala ana kuti ise tikamangidwe? Mangani mwana wanu!"

Mainess ananyamula mwana n'kumuika kumsana. Mphamvu yoti amukwapule inali itatha kalekale.

Nkhaniyi anaiyambitsa ndi Fabian, bambo wa mwanayo. Tsiku limene anayamba ntchito ya ukondakitala, ananyamula Inutu n'kupita naye kutsogolo kwa basi. Pamphumi pa basiyo panali chizindikiro chachitsulo chonyezimira: mkombero, ndipo m'kati mwake kanthu kotambasula mapiko. Anagwiritsa kachala ka mwana pomwepo.

"Ukaona kambalame aka, udziwe kuti ni ba dadi abwela."

Miyezi yoyamba ankabweradi, atanyamula buledi ndi maapozi. Kenako foni inasiya kulowa. Ena ankati anamuona ku Nakonde ndi mkazi wa pasaluni. Zimenezo Mainess analira n'kumaliza. Chimene sichinathe ndi kambalame kaja, chifukwa sikanali ka basi ya Fabian yokha. Kanali chizindikiro cha kampani yopanga mabasiwo, ndipo mabasi ake amadutsa pa Chongwe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Iliyonse ikangotulukira paphiri, Inutu liwiro.

Mainess anayesa kumukwapula ndi kamtengo ka pichesi. Anayesa kutchinga njira ndi minga, mwana n'kumadutsa pansi ngati nkhuku. Tsiku lina anamumanga mwendo ndi chitenje kumtengo wa mango, koma azimayi a kutchalitchi atadutsa anamunena mpaka anachita manyazi.

Madzulo a tsiku la basi ya ku Chipata ija, Jenala, mlamu wake amene ankatsala ndi mwanayo, anabwera atapinda manja.

"Mulamu, ine nalema. Ninangolowa mu nyumba kutenga mchele, kutuluka mwana kulibe. Akafela mu manja mwanga muzakamba kuti chani? Mailo m'mawa sinizamusunga."

"Manje nchito nizayenda bwanji?"

"Kaya. Funsani m'bale wanga uja wa tumbalame."

M'mawa mwake Mainess sanapite ku Silverest. Anabereka Inutu, ngakhale miyendo ya mwanayo inkamugunda m'mawondo, n'kulowera ku Chongwe, kuseri kwa msika, kumene ba Evaristo, makanika wokalamba, amasunga mabasi akufa n'kumagulitsa zitsulo zake. Maganizo ake anali amodzi: mwana aone ndi maso kuti kambalameko kali paliponse, ngakhale pa mabasi opanda matayala.

Koma atangomutsitsa, Inutu anathamangira basi yoyamba n'kusuzumira pakhomo.

"Dadi?"

Munatuluka nkhuku ndi anapiye ake. Anapita pa ina. "Dadi?" Pa yachitatu chimodzimodzi, osakhumudwa n'komwe, ngati kuti wangowonjezeredwa malo ofunafuna. Mainess anakhala pa tayala lakale n'kugwira mutu.

Ba Evaristo anatuluka pansi pa lole akupukuta manja ndi chisanza. "Mwana wanga, afuna ndani uyu?"

Mainess anafotokoza mwachidule. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Kambalame? Nonse mukamba kambalame. Bwela kuno, kamwana iwe, nikuonetse."

Anagwira Inutu padzanja n'kupita naye kumapeto kwa bwalo, kumene basi ina yakalekale inali itamira mu udzu, mitengo ya nsatsi itamera m'mawindo. Anakhulula dzimbiri pamphumi pake ndi chisanza chija. Mkombero unali womwewo, koma m'kati munali mutu wa ng'ombe yamphongo, mphuno zotukumuka, nyanga zitatambasuka uku ndi uku.

"Iyi ndiye baji yoyamba," anatero ba Evaristo. "Mwini kampani anali wosula zitsulo, kutsidya kwa nyanja uko. Anayamba na makasu ya ng'ombe na ngolo. Pambuyo anayamba kukhoma mabenchi ya mapulanga pamwamba pa malole, ndiye basi yabadwa. Ine ninakwelapo, matako yanali kuchita dzanzi usanafike na pa Rufunsa."

Mainess ankangomva ndi khutu limodzi. Ankaganiza za madamu a ku Silverest amene pofika nthawi imeneyo anali atayamba kufunsa atsikana ena ochapa. Koma mkuluyo akayamba nkhani saimitsidwa.

"Mudala uja atafa, ana ake anati ng'ombe ni chinthu chochedwa, ndani azakwela basi ya ng'ombe? Koma kuichotsa anaopa, ni ya atate awo. Ndiye anayamba kuiba pang'ono pang'ono. Basi yatsopano ikatuluka, mutu wachepa, nyanga zatalika. Ina ikatuluka, makutu kulibe. Manje ona."

Anabwerera naye pa basi ya nkhuku ija. Ndi chala chakuda ndi oilo anatsata chitsulocho. "Aya si mapiko, ni nyanga. Aka si kamchila, ni mphuno. Ona tumaso utu tuwili, anatusiya." Anadontheza oilo pa timaenje tiwiri tating'ono, ndipo ng'ombe inatulukira, ikuyang'ana.

Inutu anabwerera m'mbuyo. Anabwereranso, mpaka anafika pa mayi ake n'kulowetsa mutu m'chitenje.

Apa ndi pamene Mainess anadzutsa mutu. Chaka chatha ng'ombe ya ba Chabala, oyandikana nawo, inathamangitsa mwanayo kudimba, ndipo chiyambire pamenepo akangomva belu la ng'ombe amathawira m'nyumba.

"Ayi, usaope," anayamba ba Evaristo, "ni chitsulo chabe, siluma..."

"Musiyeni, atate," anatero Mainess msanga. "Ni ng'ombe, Inutu. Waiona? Mabasi yonse yaja ya pa msewu ni ng'ombe."

Mkuluyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana mwana, kenako anatola sipanala yake n'kubwerera pansi pa lole.

Atafika kwawo dzuwa litapendeka, Mainess sanalowe m'nyumba. Anaima ndi mwanayo pamtengo wa mango, pamene msewu umaonekera bwino, ndipo anamasula dzanja lake dala, koma mapazi ali okonzeka. Panadutsa malole a makala, minibasi ya ku Chalimbana. Kenako paphiri panatulukira basi yaikulu, chitsulo chikunyezimira pamphumi.

Inutu anaponya phazi limodzi kutsogolo. Anaima. Anayang'anitsitsa basiyo ikukula, ikukula, ndipo itaimba hutala anatembenuka n'kukumbatira mwendo wa mayi ake.

Basi inadutsa. Mainess anadikira kuti amve chimwemwe, koma anangomva msana ukuwawa.

"Mami," anatero mwanayo, nkhope ili m'chitenje, "nanga kambalame ka ba dadi kali kuti?"

"Kanauluka."

Mwanayo sanalire. Anakhala pansi n'kuyamba kutola timiyala, msana atalozetsa kumsewu. Mainess anamuyang'ana kanthawi, kenako anatenga chidebe cha madzi n'kudzera kwa Jenala kukamuuza kuti mawa amusiyira mwana, sathawanso.