Batire Yotupa ya a Benedicto

A Benedicto Zimba a ku Mkanda anagula bokosi la magetsi chaka chimene akazi awo, a Anasi, anasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga. Mayiwo ankaswera m'nyumba ndi wailesi, ndipo timabatire ta wailesiyo sitinkachedwa kutha.

Atagulitsa mtedza, bambowo anapalasa njinga mpaka kumsika wa kumalire. Wamalonda wina woyala pansi anawaonetsa bokosi lakuda la chogwirira pamwamba, m'kati mwake muli batire yaikulu yotchaja ndi sola. Linalibe dzina ngakhale pepala la malangizo, ndipo chingwe chake chinali chochita kulumikiza ndi tepi. Koma linali lotchipa kuposa a m'masitolo a pa Boma, choncho analimanga pakaliyala n'kubwera nalo.

Kwa miyezi isanu wailesi sinazimepo. A Anasi ankasenda mtedza uku akutsatira nyimbo za makwaya, ndipo amuna awo akamachokera kumunda ankawamvera patali akuimba.

Tsiku lina a Agnes, mlamu wawo wa nyumba yoyandikana, anabwera kudzatchaja foni. Atagwira bokosilo anabweza dzanja msanga.

"Alamu, chinthuchi chikuotcha ngati ayironi. Taonani mbali iyi yatupa. Bwanji osachitulutsa m'nyumba muno?"

"Ndi kutentha kwa Okutobalaku, alamu," anayankha a Benedicto. "Mvula ikagwa chizizira."

Kutupako anali atakuona kale, koma ankaopa kuti akalichotsa, akazi awo atsala m'chete. Poopanso fumbi ndi akuba, ankalifunditsa bulangete n'kulikankhira kunsi kwa bedi, chingwe cha sola chikulowera pawindo.

Lachinayi lotsatira, dzuwa lili paliwombo, a Benedicto anali kudimba akuthirira tomato pamene anaona utsi wakuda ukukwera kumudzi. Anataya keni n'kuthamanga. Anapeza denga la udzu litagwera kale m'kati, anthu akuthira mchenga, ndipo a Anasi atagonekedwa pamphasa pansi pa mtengo wa mango, manja atakulungidwa m'chitenje chonyowa.

A Agnes ndiwo anafotokoza, akulira. Anati a Anasi anamva kulira ngati kwa mafuta pamoto, kenaka fungo lotsamwitsa. M'malo mothawa, anafufuza kunsi kwa bedi, nanyamula bokosilo kuti akaliponye panja. Linawaphulikira m'manja atatsala pang'ono kufika pakhomo.

"Ndimati ndipulumutse nyumba, bambo," anatero a Anasi motsitsa mawu, ali m'ngolo yopita kuchipatala.

 A Benedicto ankangowathamangitsira ntchentche.

Anakhala kuchipatala milungu isanu ndi umodzi. Namwino wina powatsuka mabala anati, "Batire ikatupa kapena ikamatentha, ndiye kuti yatha. Siyofunditsa, siyoisiya ikutchaja popanda woiyang'anira. Ndipo ikayamba utsi, munthu umangothawa." Sankakalipa ayi, koma bambowo anatuluka n'kukakhala kuseri kwa wodi, mutu uli m'mawondo.

Mabala anapola, koma zala zinauma zitapindika, khungu lake losalala ngati pulasitiki. A Anasi sankamvanso chimene agwira. Kale, ngakhale osaona, ankadziwa ndi zala mtedza wofumbwa, ankapeza okha kapu ndi chitseko, ankazindikira zidzukulu pozisisita kumutu. Zonsezo zinapita.

A mpingo anawamangira kanyumba kena mvula isanayambe. Dimba a Benedicto analisiyira mphwawo, poti tsopano ndiwo amasambitsa akazi awo, kuwaveka ndi kuwadyetsa.

M'mawa wina akuwamwetsa tiyi, anayamba kunena kuti, "Mayi, a Agnes anandichenjeza, ine n'kukana..."

"Ndinamva, ndinali pomwepo," anawadula a Anasi. "Nanenso kutenthako ndinkakumva, koma sindinkafuna mundilande wailesi. Tandipukutani pachibwanopa, tiyi watayikira."

A Benedicto anatenga kansalu n'kuwapukuta.