Kalata ya Magesi

Pepala lokana magetsi ndinalemba ndine. Ndinalilembera patebulo lodulirapo nsalu, diresi la munthu lili pambali likudikira zipi.

Nyumba yathu inayang'anizana ndi bwalo la mpira. Pakati pa golo ndi chipinda chathu pali mpanda wa waya basi, ndipo zenera lasweka kasanu. Ndiye nditamva kuti komiti ya bwalo ikufuna kuzika mapolo anayi a magetsi kuti anthu azisewera akaweruka kuntchito, ndinayika sizasi pansi.

"Tizigona ngati zidole za pawindo la sitolo?" ndinafunsa anesi, aneba athu a kumanja.

Anesi amadzuka kusanache, ndiye anasaina osawerenga. Amayi a mazira, a kumanzere, anati atambala awo azilira nthawi yolakwika, nawonso anasaina. Pofika Lachinayi pepala linali litadzaza mbali zonse.

Amene sanasaine anali a m'nyumba mwanga momwe. Amuna anga anthu amawatchula a Wezulo, chifukwa akhala akuyimbira mpira pabwalo limenelo zaka makumi atatu. Palibe amawalipira. Wezulo yawo amaitsuka ndi mswachi wakale n'kuiyanika pawindo.

"Sainani apa," ndinatero.

"Magalasi anga sindikuwaona."

"Ali pamphuno panupo."

"Cholemberacho chauma."

"Ndangolembera."

"Iwe mayi, oyimbira mpira sakhala mbali," anatero, n'kutuluka kukaona njinga yomwe inalibe vuto lililonse.

Lachisanu ndinatenga pepala langa kupita ku ofesi ya komiti, kachipinda ka kuseri kwa bwalo komwe amasungiramo maukonde ndi laimu. Ndinafunsa kalaliki kuti maganizo amenewa anayambitsa ndani, ndikamuone maso.

"Inabwera kalata, amayi, koma mwini wake sanalembe dzina. Anangoti wokonda masewera."

Anandionetsa. Sindinafunikire dzina. Mizere isanu ndi umodzi, ndipo kanayi konse munalembedwa kuti magesi.

Padziko pano ndikudziwa munthu mmodzi amene t wa magetsi amamudumpha. Akundifunsira anandilembera kuti ndikamulola ndidzakhala m'nyumba ya magesi. Ndinayikamo t ndi cholembera chofiira n'kumubwezera kalatayo. Anaganiza kuti ndamulola, ndipo nditaganiza bwino ndinangosiya choncho. Nyumbayo titafikamo inali ndi babu limodzi, lakupsa.

"Mwamudziwa?" anafunsa kalaliki.

"Munthu wosaphunzira ameneyu," ndinatero, n'kubweza pepala langa m'chikwama.

Madzulo amenewo ndinachita chinthu chomwe ndinali ndisanachite kwa zaka zambiri. Ndinapita kukaonera mpira. Dzuwa lili pamwamba a Wezulo anali bwinobwino, akuthamanga ndi kabudula amene ndinawasokera. Litapendeka anayamba kutsinzina diso limodzi. Mpira unatuluka mzere ndi mkono wathunthu, iwo osayimba. Kenako anayimbira munthu amene sanakhudze mnzake. Palibe anatukwana. Chimenecho ndi chomwe chinandiopsa, chifukwa kale ankatukwanidwa bwino.

Kaputeni wa timu ya kwathu kuno, mnyamata wa kubutchala, anabwera kudzayima pafupi nane.

"Amayi, mwina sanakuuzeni. Tinawapempha kuti mwezi ukatha apumule. Ife timaweruka mochedwa, ndipo kukangoyamba kachisisira mdala sakuona mzere."

"Iwo anati chiyani?"

"Anati nanga kutawala? Ife tinati kutawala palibe angawachotse."

Kunyumba ndinawapeza akutsuka wezulo. Ndinakhala pamakina n'kuyamba kulowetsa ulusi.

"Magetsi amalembedwa bwanji?" ndinafunsa.

Mswachi unayima.

"Zatengera amene akulemba."

"Zaka zonsezi t mmodzi wakukanikani. Bwanji osandiuza?"

"Ndikanayambira pati? Unali utazungulira kale mzere wonse ndi pepala. Ndiye ndidzati mkazi wanga, ndakalamba, ndiyatsireni dzuwa lina?"

"Mukanatero. Ine ndimaluma?"

"Umaluma."

Sindinatsutse. Ndinawauza kuti achotse wezulo pawindo, ikudontheza madzi pa nsalu ya eni ake.

Msonkhano wa komiti wokambirana za magetsiwo unali Loweruka m'mawa, pamabenchi a pabwalo pomwepo. Pepalalo sindikanalitaya, munali mayina a anthu amene anandikhulupirira. Ndinalipereka kwa wapampando onse akuona, kenako ndinapempha cholembera n'kufufuta dzina loyamba, langa.

"Aneba, mwadwala?" anafunsa anesi.

"Ndabwera ndi mfundo. Magetsi ayang'ane pansi, pabwalo, osati m'zipinda mwathu. Ikakwana eyiti azime, ngakhale anthu ali pakati pomenya penate. Kiyi wa swichi akhale ndi anesi."

Anesi kiyi anamukonda, ndinaona.

"Nanga atambala anga?" anafunsa amayi a mazira.

"Atambala anu amalira kale nthawi yolakwika, asisi. Dzulo analira ine ndikumwa tiyi wa masana. Koma khola ndilisokera chotchinga, ndi makatani okhuthala a nyumba zonse za kumpanda. Nsalu mubweretse nokha."

"Ohoo," anatero wina kumbuyo. "Telala wapeza msika."

"Akanakhala msika ndikanapempha mapolo khumi."

Anthu anaseka, koma anesi sanandisiye.

"Munatidzutsa ndinu. Lero mwatembenuka ngati kolala. Tiuzeni chomwe chakutembenuzani."

Ndinayang'ana a Wezulo. Anali kumapeto kwa benchi, akuyang'ana nsapato zawo. Ndikananena, nkhani ya maso awo ikanafika kumsika dzuwa lisanatenthe.

"Ndinawerenga kalata ya amene anapempha," ndinatero. "Munthu wake sadziwa kulemba. Ndinamva chisoni."

Anesi anayang'ana ine, anayang'ana kumapeto kwa benchi, kenako anatambasula dzanja kwa wapampando.

"Cholemberacho. Koma eyiti ndi eyiti."

Si onse anafufuta. Aphunzitsi a pakona mpaka pano amandipatsa moni wa mphuno, ndipo mathalauza awo akupititsa kwa telala wina amene amawafupikitsa mwendo umodzi. Koma mapolo anazikidwa.

Tsiku loyamba kuyatsa ndinayima kumpanda, mapini ali pakamwa, ndikuyeza zenera la anesi. Bwalo linawala mpaka udzu kuwerengeka. A Wezulo analowa mimba patsogolo, maso onse awiri ali otsegula. Pasanathe mphindi khumi anakana chigoli chabwinobwino cha kaputeni.

"Mdala, mwaonanso chiyani?" anakuwa kaputeni. Bwalo lonse linayamba kuwatukwana, ngati kale.

Anesi anasuzumira pawindo.

"Aneba, ndimayesa vuto linali mdima."

"Nanenso ndimayesa choncho," ndinatero. "Gwirani tepiyo, isakhote."