Mtengo wa Lola

Tsiku limene Mahia anabala Lola, anabzala mtengo wa chenke, wa timaluwa tonunkhira tija, kuseri kwa nyumba, monga amachitira onse pa chilumba cha Makyan. Mtengo ukakondwa, mwana amakondwa. Ukauma, anthu sanena zambiri, amangoyang'ana pansi.

Chaka chachisanu ndi chinayi mtengowo unamasula koyamba. Mahia ankausamala ngati mayi woyembekezera: pafupi nawo sipadutsa moto, saphokosera, ndipo mwamuna amayamba wavula chakumutu.

Mwezi womwewo nsomba zinagwa zochuluka, koma mchere munalibe. Chidulo cha phulusa la nkhuni za m'nyanja chimangowawa, sichisunga nsomba. Mchere weniweni unali m'chombo cha Wiryo, wamalonda wa ku Java amene ankausinthanitsa ndi chenke basi, ndipo mphepo yomubweza kwawo inali itayamba.

"Achoka mkucha," anatero Tubuli, mwamuna wa Mahia, akunola chikwanje. "Mitengo ina yonse yapuma chaka chino."

"Bambo a Lola, timaluwato sitinafiire. Ndiponso uja ndi mwana wanu."

"Mwana wanga ndi uyu akunyambita mphika apayu. Adya fungo nthawi ya mvula?"

"Thyolani ndi manja tsono, pang'onopang'ono."

"Ndi manja! Mpaka Wiryo atamera imvi?"

Tubuli anakwera mtengo wa Lola atavala chakumutu chake. Nthambi zinagwa imodziimodzi. Mahia anatola timaluwato, natiyanika pa utsi chifukwa dzuwa likanachedwa.

Kudoko, Wiryo anafinya kaduwa kamodzi ndi chikhadabo, naseka.

"Mayi, mwandibweretsera makanda! Taonani kuwonda. Koma poti ndine munthu wachifundo..."

Anawapatsa mtsuko umodzi wa mchere, wosadzaza.

"Kodi kumene mumapita nato, amachita nato chiyani?" anafunsa Mahia. Kwawo sankathira chenke m'chakudya.

"Amati kutali uko, olemera amathira mu nyama. Ena amavumata akamakalankhula ndi mfumu, kuti m'kamwa musanunkhe."

"M'kamwa basi?"

"Nanga! M'kamwa mwa wolemera si mwamasewera, mayi."

Amalinyero anaseka. Tubuli nayenso anaseka pang'ono, mtsuko uli pa phewa.

Mcherewo unakwana theka la nsomba, zotsalazo anakwirira. Mvula itabwera, mtengo unayamba kuda m'mabala mwake, masamba n'kumayoyoka. Mahia anamata dothi m'mabalamo, koma makungwa anapitiriza kusweka. Anansi akadutsa ankayang'ana pansi.

Tsiku lina masana akudya phala la sago, Lola ananyambita zala.

"Amayi, nsomba yamchere ndiye kukoma! Atate, chaka chamawa mudzagulenso."

Mahia anakankhira nsomba yake kwa mwanayo, namugwira pamphumi ngati akumuchotsa kachitsotso. Sipanatenthe. Anagwiranso kachiwiri.