Mapampasi a Mwana wa Bushra

Mulu wa zinyalala kuseri kwa nyumba za lendi ku Chinamwali utanyanya kununkha, a Habibu, eni nyumbazo, anabwera ndi machesi.

Bushra anawatsekera njira, khanda lili kumsana. M'muluwo munali mapampasi a mwana wakeyo, ndipo amayi onse pamalopo ankati ukawotcha thewera, mwana amatuluka zilonda kumatako.

"Bambo, dikirani galimoto ya zinyalala."

"Iti? Ija yatiiwala chilimwe chonse?"

Anayatsa machesi, koma mphepo yotsika kuphiri inazimitsa. Akusolola kamtengo kena, kumsewu kunalira hutala. Galimoto ija inali itafika.

Mtima wa Bushra unakhala pansi. Anathamangira anyamata a mafosholo, akuloza mbali yomwe ankatayira iye.

"Achimwene, yambirani uku."