Njinga ya Zishalo Ziwiri

Aphunzitsi anali ndi mawu, abale inu. Akakuwa m'kalasi mwawo kuti "Khala pansi iwe!", ana a kalasi yoyandikana nayo nawonso ankakhala pansi. Koma akafika pakhomo pawo, mawu ajawo ankawavula pageti ngati nsapato zamatope. Chikwatiranireni, amuna awo sanamvepo liwu lopanda ulemu kuchokera kwa iwo. Zinali za "bambo, madzi afunda", "bambo, mwina mukanayamba mwapuma kaye".

Amuna awowo anzawo ankawatchula kuti a Kamphepo, chifukwa cha njinga. Loweruka likafika ankadzuka m'mamawa, kuvala kakabudula kothina kaja Aphunzitsi ankachita nako manyazi, n'kulowera kumapiri, m'tinjira tafumbi ndi timiyala momwe magalimoto safika. Ankabwerako ali mbuu ngati atuluka m'chigayo, akuseka okha. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Matenda a shuga anawadya maso pang'onopang'ono mpaka kuwathimitsa. Chichokereni kuchipatala, a Kamphepo anakhala pampando wa pafupi ndi zenera, ndipo sanafunenso kudzukapo. Wailesi osatsegula. Anzawo a njinga akabwera, ati auzeni ndagona. Munthu ankangotha Aphunzitsi akuona, ndipo zinkawapweteka koopsa.

Ndiye tsiku lina anatenga njinga ya amuna awo ndi yawo yopitira kusukulu, ulendo kwa mchimwene wawo wowotcherera zitsulo. Mchimweneyo anadandaula, anapukusa mutu, komabe anadula, n'kulumikiza. Panatuluka chinjinga chachitali cha zishalo ziwiri, mapedulo akutsogolo ndi akumbuyo omangidwa ndi tcheni chimodzi, moti wina akapalasa mapazi a mnzake amazungulira nawo, afune asafune.

A Kamphepo anachisisita ndi manja kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kupeza chishalo chawo chakale chili kumbuyo.

"Aphunzitsi, mukufuna anthu aziti taonani wakhungu uja akumukweza ngati thumba?"

"Kumapiri kuja kulibe anthu, bambo. Munkanena nokha."

Anakangana sabata yathunthu, mwaulemu wake womwewo. Pomaliza a Kamphepo anati, "Chabwino. Kamodzi. Tikakangogwa, chinthuchi mukachipereke kwa ena, ndipo nkhani ya njinga isadzamvekenso m'nyumba muno." Aphunzitsi anavomera, koma mumtima ankadziwa kuti akakagwa, amuna awo abwerera pampando paja mpaka kalekale.

Loweruka m'mawa anakankha njinga mpaka pomwe phula limathera. Asanakwere, a Kamphepo anawalangiza ngati munthu wodziwa ntchito yake. "Ine kumbuyo kuno sindiona kanthu. Muzindiuza zonse. Dzenje, mchenga, pokhota, posiya kupalasa. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

Poyamba zinayenda. Kanjira kanali kosalala, kodutsa pakati pa mitengo ya bulugamu, timiyala tikulira tcherere pansi pa matayala. Aphunzitsi anagwira chiwongolero mpaka zala kuuma. Kumbuyo kwawo miyendo ya a Kamphepo inayamba kukumbuka ntchito, ndipo njinga inkathamanga kuposa momwe Aphunzitsi anazolowerera popita kusukulu. Kenaka anaona pomwe madzi a mvula anadula njira, kangalande kokuya ndithu.

"Bambo, pepani, ndikuona ngati kutsogoloku madzi anakumba pang'ono, ndiye mwina mukanati..."

Khuu! Mawu anathera m'fumbi. A Kamphepo anali akupalasabe ndi mphamvu zonse, pakuti palibe anawauza kuti asiye. Tayala lakutsogolo linalowa m'ngalande, onse n'kuponyedwa kutsidya, njinga uko, Aphunzitsi chafufumimba, amuna awo chagada pa udzu.

Kunangoti zii. Kumapiri kuja kulibedi anthu, ndi mbalame zokha zinaona. A Kamphepo anadzuka n'kukhala tsonga, chigongono chikutuluka magazi, ndipo sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, ndi mawu aja a pampando, "Tinapangana. Tembenuzani njinga tizipita kwathu."

Aphunzitsi anayang'ana ngalande ija, anayang'ana amuna awo, mtima n'kuwira. Anapsa mtima ndi pakamwa pawo pomwe. Munthu wagwa chifukwa cha maso ake? Ayi ndithu! Wagwa chifukwa mkazi wake ankayala mawu ngati akupempha mchere kwa apongozi. Ndiye njinga ipite, munthu akafote pazenera, chifukwa cha "pepani" ndi "mwina"? Izo ndiye ayi.

Anadzutsa njinga, anawongola chiwongolero atapana tayala ndi mawondo, n'kuika dzanja la amuna awo pachishalo. "Gwirani apa, bambo, titembenuke." Anayenda nawo mozungulira, pang'onopang'ono, kuzungulira ndithu mpaka njinga inalozanso komwe inkaloza kale, ngalande ili kumbuyo. Mulungu awakhululukire, koma anachita dala.

Anakwera. Sipanatenge nthawi, njira inayamba kudzuka. A Kamphepo miyendo yawo sinali yakhungu.

"Aphunzitsi, kwathu n'kotsika. Uku tikukwera."

Aphunzitsi anangopitiriza kupalasa.

"Ndati uku si kwathu!" Ndipo anasiya kupalasa, mapazi akungotsatira mapedulo ngati a munthu wakufa.

Njinga inalemera nthawi yomweyo ngati yasenza matumba a simenti. Chikweza chinali chitafika poipa, timiyala tikuterera, kumanzere kuli chigwembe. Chiwongolero chinayamba kuvina. Aphunzitsi thukuta lili kamukamu, ntchafu zikuyaka moto, anaona kuti agwanso, ndipo ulendo uno agwera kuphompho. Panalibe nthawi yoti bambo, panalibe mpweya woti pepani. Mawu aja a m'kalasi anatuluka okha.

"Palasa!"

Njiwa zinabalalika m'mitengo. Miyendo ya a Kamphepo inamvera mutu usanaganize, njinga n'kudumphira kutsogolo.

"Palasa iwe! Usasiye! Dzenje, nyamuka! Khala! Tikukhotera kumanja, tsamira!"

Ha, koma ndiye inali njinga tsopano! Liwu limodzi, thupi lakumbuyo layankha kale. Ananyamuka pamodzi, anakhala pamodzi, anadutsa pamchenga osagwedezeka. Aphunzitsi anamva mphamvu ikuchokera kumbuyo, kudutsa m'tcheni mpaka m'mapazi mwawo, mphamvu yomwe ankaganiza kuti inatha. Kenaka kumbuyo kuja kunamveka mawu, ali wefuwefu.

"Pakubwera mwala waukulu kumanja. Ulipobe?"

"Ulipo!"

"Mukaudutsa mutsitse giya, pamenepo m'pamene pamagwetsa anthu ulesi."

"Ndamva! Tseka pakamwa, palasa!"

Anapalasa. Aphunzitsi maso anachita mdima, pakhosi pouma gwa, koma anakana kuponda pansi. Ankawerenga mitengo ya m'mbali, uwu ndiupitirire, uwonso ndiupitirire, mpaka mitengo inatha, njira inagona, mphepo yozizira n'kuwawomba kumaso.

"Siya! Ponda pansi!"

Anaima pamwamba pa phiri. Kumunsi kunkaoneka tinjira tofiira tikukhotakhota m'zitunda, koma Aphunzitsi sanayang'aneko. Mpweya utabwerera, manyazi nawo anabwerera. Anawanamiza amuna awo, anaphwanya pangano, ndiponso anawatchula kuti iwe ngati mwana wochedwa kusukulu. A Kamphepo anali ataima, dzanja lili pachishalo, nkhope ataloza kumphepo.

"Bambo, pepani. Pakamwa pangapa lero..."

"Mwandinamiza, Aphunzitsi."

"Eya, bambo."

"Mwandikalipiranso."

"Eya."

A Kamphepo anapukuta nkhope ndi malaya, ndipo sanali kupukuta thukuta lokha. "Chiyambireni kudwala, aliyense amandiyankhula ngati ndine dzira. Adokotala, ana, inu nomwe. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinafa kale, mukungochita ulemu wa pamaliro. Lero ndiye munthu wandikalipira ngati ndili moyo."

Aphunzitsi analira ndithu, mayi wamkulu, ataima paphiri ndi mawondo osupuka.

A Kamphepo anapapasa chishalo, anaponyera mwendo mbali ina, n'kupeza pedulo ndi phazi.

"Mtsetse wa mbali inayo ndi woipa kuposa komwe tachokera. Buleki yakutsogolo musaifinye pamchenga. Ndipo mukayambanso za bambo pepani, tikathera m'chigwembe tonse awiri." Anamenya chishalo chakutsogolo ndi chikhatho. "Kwera iwe, dzuwa likutentha."