Mamiliyoni a Filomena

Filomena sanali munthu wabodza ayi, kungoti pakamwa pake pankanenepetsa zinthu. Ankagula mpunga kwa alimi a ku Bwanje, kukapunthitsa kuchigayo, n'kumagulitsa pamsika wa Golomoti. Kubanki m'khonde anaphunzirako chinthu chimodzi: ukafunsidwa za geni yako usadzichepetse, poti wotchula zochepa amabwerekedwanso zochepa.

Tsiku lina sukulu ina yogonera komweko inati izimugula matumba makumi atatu pa teremu, bola abweretse kalata yosonyeza kuti amakhoma msonkho. Inampatsa mpaka Lachisanu, apo ayi mwayiwo upita kwa wina. Lolemba lake Filomena anamanga chitenje chatsopano n'kukwera minibasi.

Kuofesi ya msonkho anapeza mtsikana waulemu, yemwe anamufotokozera kuti munthu wodzilemba yekha ntchito sadikira chaka kutha. Amayerekeza phindu la chaka chonse, n'kumapereka msonkho wake m'magawo, miyezi itatu iliyonse.

"Ndiye chaka chino mukuona kuti mupeza zingati, mayi?"

Filomena anacheukira pabenchi, pomwe panakhala azibambo a zikwama zachikopa. Atchule zochepa, amuyese wosakwana kudyetsa sukulu?

"Lembani mamiliyoni makumi awiri."

"Limenelo ndi phindu, mutachotsa zonse?"

"Eya."

Mtsikanayo anabayabaya kakyuleta n'kumutembenuzira. Filomena anangoti kukamwa yasa. Gawo loyamba lokha linkadya theka la mpamba wake. Anati wayiwala ndalama kunyumba, n'kutuluka.

Madzulo anapalasa njinga mpaka ku Mua kwa mlamu wake, a Yosefe, mphunzitsi wopuma. Mtima unkamuwawa kwambiri, ndipo anafika misozi ili lengelenge.

"Alamu, za sukulu zija ndazisiya. Boma likufuna kundisenda khungu."

A Yosefe atamva nkhani yonse anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, walira mvula walira matope. Kumeneko sabwereketsa, amatenga. Mamiliyoni makumi awiri unawaona kuti?"

A Yosefe anatenga kope n'kuyamba kumufunsa. Mpunga umagula bwanji? Ngolo yochokera kusikimu ya mpunga ku Bwanje? Chigayo? Matumba, chiphaso cha pamsika? Nanga thumba ukapuntha limatsala lodzaza? Filomena ankayankha mosadodoma, poti mitengo yonse inali m'mutu. Ankangokangana pa gaga, amene Filomena ankati si ndalama, a Yosefe n'kumati woweta nkhumba samutenga ulere. Atawonkhetsa, n'kuphatikizapo za sukuluzo, phindu linangopitirira pang'ono mamiliyoni atatu.

Filomena anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Zaka zisanu ndi ziwiri akugulitsa mpunga, anali asanadziwepo kuti amapeza zingati.

"Ndi zochepa," anatero.

"Ndi zako," anayankha a Yosefe. "Uziika kenakake pambali sabata iliyonse, gawo lachiwiri lisadzakupeze chimanjamanja."

Lachinayi anabwerera kuofesi kuja, ndipo manyazi anamugwira kuyambira pageti. Mzere unali wautali kuposa Lolemba. Atafika kutsogolo anaika kope patebulo n'kulankhulira pansi.

"Mwanawe, tsiku lija ndinanama."

"Pepani mayi, sindinamve."

Filomena anapumira m'mwamba. Ananenanso mokweza, benchi yonse ikumva: "Ndati ndinanama. Phindu langa ndi mamiliyoni atatu basi."

Anadikira kuti wina aseke. Bambo wa chikwama amene anali pambuyo pake anangosuzumira kopelo n'kufunsa ngati angalijambule pafoni, poti nayenso zake zinali zosokonekera. Mtsikana uja anati kuyerekeza kumakonzedwa, ngakhale pakati pa chaka zinthu zikasintha, ndipo anabayanso kakyuleta. Ulendo uno ndalama za gawo loyamba zinakwana ndi zimene Filomena anamanga pachitenje, n'kutsalako za minibasi. Anakhoma msonkhowo n'kulandira kalata.

Lachisanu m'mawa anapereka kalata ija kusukulu. Mkulu woona za chakudya anaiwerenga, kenako anafunsa ngati matumba makumi asanu angawakwanitse.

Pakamwa pa Filomena panayamba kale kutseguka. Anapatseka, n'kuwerenga chamumtima.

"Makumi atatu, bambo," anatero. "Koma amenewo afika Lolemba, osaperewera ngakhale limodzi."