Njereza pa Mpeyala wa a Lazaro

Amuna anga, a Lazaro, akamva kuti kukubwera alendo, chinthu choyamba n'kupaka mitengo njereza. Kwathu ku Mponela nzabwinobwino, koma ku Perth kuno? Manyazi!

Ndiye chinkhoswe cha mwana wathu Nora chitayandikira, adathamangira ku sitolo ya ku Welshpool kukagula njereza, napaka mpeyala wathu wa kuseri kwa nyumba mpaka unati mbee! Mtengowu adaudzala okha chaka chimene tidafika kuno, ndipo adalumbira kuti mwana wawo adzaunjiridwa pamthunzi pake.

Tsoka lake, Nora yemweyo ntchito yake ndi yosaka nankafumbwe wa mitengo. Amatchera misampha m'mapaki, ndipo akapeza mtengo wofumbwa amakanena kuti udulidwe.

Loweruka lina adabwera kudzayesa diresi. Atasuzumira kuseri, adangoti chilili.

"Dad, what's this?"

"Ukhondo umenewo, mayi," adatero bambo ake, chifuwa patsogolo.

Pa khungwa lakuda palibe akadaona kanthu. Koma pa njereza yoyerayo timabowo tinali waa, ngati chitowe pa banzi, kautuchi kakuyoyoka.

"Ababa, mtengowu wafumbwa. Ndiyenera kukanena."

Mwana uyu akayamba Chichewa, dziwani kuti zinthu zavuta.

"Ukanene bambo ako? Dikira chinkhoswe chidutse kaye. Ndipakanso njereza ina, palibe adzaone."

"Ine ndaona kale. Tikadikira, tizilomboti tiwulukira kwa aneba."

Ine ndidaseka, Mulungu andikhululukire. "Mwadziulula nokha, bambo aukhondo!" Koma nditaona nkhope yawo, mtima udandipweteka.

Nora adaimba foni misozi ili m'maso. Odula adabwera. A Lazaro adapempha chipika chimodzi chokha choti aseme mtondo, koma adawakaniza. Zonse zidalowa m'makina ophwanya mitengo. Sabata yonse a Lazaro sadamuyankhule mwanayo, ndipo ine ndidada nkhawa kuti chinkhoswe chichitika bambo atatupa masaya.

M'mawa wa tsikulo ndidawapeza kuseri atagwada, akupaka njereza chitsa. Chitauma adayalapo chitenje changa chatsopano, osandipempha n'komwe.

Ankhoswe atafika, Nora adatuluka mwamantha kufunafuna pokhala. Bambo ake adamugwira dzanja, namukhazika pachitsapo, natambasula ambulera.

"Ndidati mthunzi udzakhalapo," adatero. Adaima choncho mpaka mwambo udatha.